Funde la kashiamu lafera m'chipinda cha seva

Sabata ino ndikanaifotokoza m'mizere iwiri, kuphunzitsa ndi kuchonga mayeso basi, pakadapanda zomwe zachitika Lachitatu usiku. Magetsi anathima, jenereta sinalire chifukwa munalibe dizilo, UPS, chipangizo cha mabatire chogwirizira magetsi akathima, inangolira kamodzi n'kukhala chete, ndipo seva (kompyuta yaikulu) imodzi yokhayo ya dipatimenti yathu inazima ili mkati molemba mafayilo. Anzanga a ntchito ino mufunsa kuti nanga ma checkpoint, mafayilo osunga pamene ntchito yafika? Analipo. Anali pa disiki yomweyo imene yawonongekayo, poti disiki yachiwiri ndinaipempha chaka chatha ndipo kalata yake ikadali "m'njira" ku ofesi yogula zinthu.

Chimene chinkayenda pa sevayo ndi model, pulogalamu ya masamu yotsanzira selo imodzi ya mnofu wa mtima. Selo ikamapuma, kashiamu woyandama mkati mwake amakhala cha m'ma 100 nM, pamene kunja amapitirira 1 mM, kusiyana kwa ka 10,000. Wambiri amatsekeredwa m'nkhokwe ya m'selomo yotchedwa sarcoplasmic reticulum, ndipo makomo ake, ma ryanodine receptor, amakhala m'timagulu totalikirana pafupifupi ma micrometre 2 kutsata ma Z-line, mizere yodutsa selo chopingasa. Kagulu kamodzi kakatseguka mumaona kamoto ka kashiamu wotuluka kamene Cheng, Lederer ndi Cannell anakatchula kuti spark mu 1993. Chovuta n'chakuti kashiamu yemweyo ndiye amatsegula makomowo. Wotuluka pa kagulu aka akafika pa kagulu koyandikana nako ali wokwanira, nakonso kamatseguka. Nthawi zambiri safika: ma buffer, zinthu za m'selo zomata kashiamu, amamugwira, pampu ya SERCA n'kumubwezera m'nkhokwe. Koma nkhokwe ikadzaza mopitirira muyeso, zimakhala ngati moto wa m'tchire mu Okutobala, kudumpha kuchoka pa chiputu ichi kukagwira icho. Limenelo ndiye funde la kashiamu, ndipo limayenda ma micrometre pafupifupi 100 pa sekondi, ndiye kuti m'sekondi imodzi lamaliza selo yonse. Kenako NCX, chosinthanitsa cha pakhungu la selo, imatulutsa kashiamu mmodzi n'kulowetsa sodium atatu, mphamvu ya magetsi m'selo imasuntha, ndipo mtima ukhoza kugunda pa nthawi imene sunauzidwe. Funso langa ndi lakuti nkhokweyo idzaze kufika pati kuti spark isanduke funde.

Funso limeneli siliyankhika poyendetsa model kamodzi. Khomo lililonse limatseguka mwamwayi, choncho pa mlingo uliwonse wa kudzaza umayendetsa kambirimbiri n'kuwerenga kuti funde labadwa kangati. N'chifukwa chake seva inakhala ikutentha masabata angapo. Inali itafika pa milingo yapakati, pamene mwayi wa funde umakwera mwadzidzidzi, gawo lokhalo limene anzathu akunja omwe amajambula maselo enieni akulidikira.

Lachinayi m'mawa ndinakapeza tekinishani wathu atakhala pansi m'chipindamo, chivundikiro cha UPS chili pambali. Anandionetsa mabatire: otupa m'mbali, pa mawaya pali zoyera ngati mchere. "Adokotala, awa anatha kalekale. Ndinalemba, ndinalembanso." Ndilibe naye mlandu mnyamatayu. Ndi iye amabwera Loweruka kudzatsegula mawindo air conditioner ikafa.

Amene anandipsetsa mtima ndi akuluakulu pa msonkhano wa masana. Nditafotokoza, mmodzi anati, "Pepani kwambiri adokotala, koma zanuzi si za pakompyuta basi? Mungoyambiranso. Zikanakhala za mu labu bwenzi tikudandaula za mankhwala." Wina, amene masamu amawadziwa ndithu, anawonjezera kuti ndingogwiritsa ntchito ma equation a avereji pa laputopu, amatha m'mphindi zochepa. Ndinayankha mwaulemu, koma m'mimba mukuwira. Ma equation amenewo ndimawalemekeza. Model ya De Young ndi Keizer ya 1992, ndi mmene Li ndi Rinzel anaifupikitsira mu 1994, ndimaphunzitsa chaka ndi chaka, ndipo pa kukwera ndi kutsika kwa kashiamu kodzera ku khomo la mtundu wina lotchedwa IP3 receptor amathandiza zedi. Koma ukatenga avereji ya makomo onse wachotsa mwayi, ndipo mwayiwo ndiye nkhani yanga. Model yotero imangoti funde lilipo kapena palibe. Singakuuze kuti pa mlingo womwewo selo imodzimodziyo lero ikhala bata, mawa iyambitsa funde. Msonkhano womwewo, tisanadzuke, unavomereza ndalama za workshop ya kunyanja yokakambirana za "kulimbikitsa kafukufuku". Alawansi ya anthu awiri okha ikanagula mabatire onse.

Masiku enawo anali wamba. Lolemba ndinakhala ndi wophunzira wanga wa masters amene funde lake linkakwawa, osafika n'komwe pa liwiro looneka m'zithunzi. Tinapeza kuti anatenga nambala ya kufalikira kwa kashiamu wogwidwa kale ndi ma buffer, ija ya 13 mpaka 65 µm²/s imene Allbritton, Meyer ndi Stryer anayeza mu 1992 m'madzi a m'mazira a chule wa Xenopus, n'kuikanso ma buffer paokha mu model. Anachedwetsa kashiamu kawiri. Ma buffer akakhala ndi ma equation awoawo umayika ya kashiamu womasuka, yopitirira 200. Anazindikira yekha ndisanamalize kufunsa, ndipo ndinanyadira. Lachiwiri linathera pokoka ma line scan a Fluo-4, zithunzi za maselo othiridwa utoto wowala ukakumana ndi kashiamu, ochokera kwa anzathu akunja aja, pa bandulo yogula ndi ndalama za m'thumba mwanga chifukwa intaneti ya ku ofesi imadula fayilo ikangokula.

Lachisanu tekinishani anapulumutsa zotsatira za milingo yotsika, kumene funde silibadwa n'komwe. Zapakati zija zapita. Ndadula model kukhala kachigawo ka selo ka ma Z-line ochepa kuti ikwane pa laputopu, ngakhale ndikudziwa kuti m'kachigawo kakang'ono mafunde amachepa poti malo oti spark iyambirepo ndi ochepa, ndiye manambala ake sindingawayerekeze mwachindunji ndi maselo enieni. Anzathu akunja ndawalembera kupempha malo pa makina awo. Kalata ya mabatire ndi disiki ndailembanso, ndipo ulendo uno ndamatapo chithunzi cha batire lotupalo.