Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Chidale cha bakha

M'gawo lapitalo ndinasiyira pamene ababa anatuluka m'chipatala, iwo ndi amayi n'kubwera kudzakhala nane ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Munali mu June 2019, chaka chimene madzi anaphwera kwambiri ku damu lopangira magetsi la Kariba, moti magetsi ankayaka pakati pa usiku n'kuzimanso kusanache. Madzulo ena mwana wanga anabwera ndi laputopu yodzaza moto kuchokera kusukulu, tonse n'kuunjikana pa sofa, mabulangete m'miyendo, kuonera filimu ya ku France ya munthu wina wophika.

Ababa ankaoneka ngati akuwodzera. Koma itafika poti wophika uja watenga chidale cha bakha, akuchekacheka khungu lake ndi nsonga ya mpeni, anadzutsa mutu. "Ameneyo ndi khukhi weniweni," anatero. "Taonani, waika nyama m'chiwaya chozizira, moto sanayatse."

Amene mwatsatira nkhaniyi kuyambira pachiyambi mukudziwa kuti ababa anachoka ku Dedza mu 1961, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukadali Salisbury. Anagwira ntchito yaukhukhi zaka 34 m'nyumba za azungu ku Highlands ndi ku Borrowdale, monga anachitira anzawo ambiri ochokera ku Nyasaland, ife amene eni dziko amatitcha Mabhurandaya. Koma kunyumba kwathu sindinawaonepo atagwira mthiko. Ife tinakulira nsima ya repu ndi matemba a ku Kariba, nkhuku pa Khirisimasi. Ndiye ndinawafunsa: "Ababa, bakha wophika chonchi munadyapo?"

Anakhala chete pang'ono. "Ndamuphika kosawerengeka, Naphiri. Kudya ayi. Ndinkangolawa msuzi pa supuni kuti ndimve mchere."

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinkangoganiza za manja awo aja, okhala ndi zipsera za uvuni, akutengera mbale kuchipinda chodyera n'kubwerera kukhitchini kukatsuka mapoto.

Loweruka ndinalawirira ku Mbare Musika. Malalanje a ku Mazowe anali mbwee, inali nyengo yake. Abakha amoyo ndinawapezanso, aja a nkhope yofiira omwe amaweta kumudzi, koma ababa anali atandichenjeza kuti amenewo mafuta pakhungu ndi ochepa, ndipo akakula nyama yake imafuna kuwiritsa nthawi yaitali. Ndinakwera kombi kulowa m'tauni, kenako ina ya ku Avondale, komwe ndinapeza zidale ziwiri m'butchala. Ndalama yake ikanagula nkhuku ziwiri zathunthu. Ndinalipira osaganiza kawiri.

Madzulo magetsi kunalibe. Tinayatsa kandulo ndi sitovu ya gasi, ababa n'kukokera mpando pakhomo la khitchini, ndodo yawo pakati pa miyendo. Kuyambira pamenepo mawu awo anasintha, anabwerera mphamvu zomwe sindinazimve chidwalireni.

"Pukuta kaye ndi kansalu, iume gwaa. Nyama yonyowa siikazingika, imangowira."

Ndinapukuta. Khungu la bakha ndi lochindikala, loyera ngati kandulo, ndipo likakhala lozizira mpeni umayenda bwino. Ndinalicheka mizere yopingasana, iwo akuyang'anitsitsa. Pamzere wachitatu mpeni unalowa kwambiri, kufiira kwa mnofu n'kuonekera. "Pepuka dzanja. Ukaboola mnofu madzi ake onse athawira m'chiwaya." Ndinathira mchere, n'kugoneka zidale zija khungu pansi m'chiwaya chouma, chopanda ngakhale dontho la mafuta, kenako n'kuyatsa moto wochepetsetsa.

Poyamba kunali zii. Patapita mphindi zingapo kunayamba kumveka kaphokoso ngati mvula yowaza padenga la malata, mafuta oyera mbee akutuluka m'mizere ija. Apa ndi pamene ndinamvetsa za chiwaya chozizira. Chikakhala chotentha kale, khungu limapserera kunja mafuta akadali m'kati, ndipo podya limatafunika ngati mphira. Moto wapang'onopang'ono umasungunula mafutawo mpaka khungu litsale lopyapyala, lofiirira, lolira khwasu pa mpeni. Katatu konse ndinatsanulira mafuta m'botolo la jamu. Ababa wotchi sanayang'ane, ankangomvetsera ndi kununkhiza, koma ine ndinawerenga mphindi 14 pamene anati, "Tembenuza." Mbali inayo inangotenga mphindi zitatu. Kenako anandiitana ndi chiwaya, n'kudina nyamayo ndi chala. "Phula. Isiye ipume, usaikhudze."

Ikupuma choncho ndinafinyira malalanje awiri m'chiwaya momwemo, supuni ya uchi, kadontho ka viniga, n'kusiya kuti ziwire mpaka msuzi uyambe kumata kumbuyo kwa supuni.

Nditaidula, m'kati munali mofiirira. Amayi anangoti kuona, n'kupukusa mutu. "Ine nyama yamagazi ayi, mwananga." Sindinawatsutse, ndipo sindikuwaweruza: kwathu nyama ya mbalame imapsa mpaka kufupa, ndipo pa nkhuku lamulo limenelo ndi loona. Gawo lawo ndinalibwezera pamoto. Ababa anawafotokozera mofatsa kuti bakha ndi mbalame youluka, n'chifukwa chake chidale chake n'chofiira ngati nyama ya ng'ombe, ndipo chikapsa kwambiri chimauma n'kuyamba kumveka ngati chiwindi. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti kaphikidwe kameneka si kakalekale ngakhale ku France komweko. Anakatchukitsa ndi André Daguin, ku hotela yake ya ku Auch, mu 1959, kutangotsala zaka ziwiri kuti ababa anyamuke ku Dedza.

M'filimu muja anadyera mbatata ya kachewere ndi vinyo. Ndinali nditakonza mbatatayo, mafoloko ndi mipeni ndaika kale patebulo. Ababa anaziyang'ana, n'kukankhira foloko pambali. "Nsima ilipo?" Amayi anadzuka okha kukatereka madzi.

Anasamba m'manja, n'kutema mbamu, kuikanda bwinobwino, kuisunsa mu msuzi wa malalanje uja, n'kutola kachidutswa kokhala ndi khungu. Anatafuna nthawi yaitali maso ali pa kandulo. Tonse tinasiya kudya. Mwana wanga ndi amene analephera kupirira: "Agogo, zili bwanji?"

"Mchere wakwana," anayankha choncho, n'kutemanso nsima ina.

Tikuchotsa mbale anandikumbutsa za botolo lija. Anati kwa bwana wawo womaliza dona ankalemba kamzere pa botolo la mafuta a bakha kuti adziwe ngati achepa. Lathu tinaliika pawindo kuti ligwirane ndi chisanu cha usiku, ndipo m'mawa mwake ababa anadzuka ine ndisanadzuke. Ndinawapeza ataimirira pa sitovu popanda ndodo, akukazingira mdzukulu wawo mbatata m'mafuta aja.