Mileme ya m'siling'i mwathu

Loweruka, Matawale

Ndadzuka ndi mkwiyo lero. Zitosi za mileme zinali mbwee patebulo la pabalaza, zogwera pamng'alu wa siling'i, ndipo ndi kutentha kwa Novembala uno fungo lake linkachita kutseka mphuno. Chiyambire ubwana wanga mleme ndimanyansidwa nawo. Agogo ankati ukalowa m'nyumba ndiye kuti pali wina wautuma. Zimenezo ndinasiya kukhulupirira kalekale, koma thupi limachitabe tsembwe ndikauona. Ndinasesa, n'kutsimikiza mumtima kuti Lolemba ndikagula mankhwala ndithane nayo yonse.

Kenako ndinapita ku Mpondabwino kukagula ndiwo, n'kutengako ndi milu iwiri ya masuku, popeza ino ndiyo nyengo yake.

Masana kunabwera mwana wa achimwene, uja amaphunzira ku Chanco. Atamva madandaulo anga anatsegula laputopu yake. "Azakhali, musanagule mankhwalawo, onerani kaye ichi." Ndinakana. "Iwe, filimu ya mileme? Nsima idutsa bwanji pakhosi?" Anandinyengerera mpaka ndinakhala pansi, mbale ya masuku ili pamiyendo.

Filimuyo anaijambula ku Kasanka National Park, m'dziko la Zambia. Chaka chilichonse, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala, mileme yodya zipatso pafupifupi 10 miliyoni imasonkhana m'kankhalango kamodzi kakang'ono ka m'dambo. Imalenjekeka mothinana mpaka nthambi kuthyoka. Dzuwa likamalowa yonse imanyamuka, thambo n'kuda bii. M'mawa ikamabwerera, nkhwazi ndi ziombankhanga zimakhala zikuidikirira, ndipo yogwa pansi ng'ona zimatola. Ndinadzidzimuka kupeza kuti mtima wanga uli kumbali ya mileme, ndikufuna ipulumuke.

Chimene imalondola ulendo wonsewo ndi zipatso za kutchire, ndipo zina mwa izo ndi masuku, omwewa ndinali kudyawa. Ndinayang'ana m'mbale mwanga. Wofotokoza uja anati mleme ukadya chipatso, njere zing'onozing'ono umameza n'kukazitaya kutali pouluka, zikuluzikulu umagwetsa pamene wadyerapo, ndipo mitengo imamera pamalo amene palibe munthu anakumbapo dzenje. Pomwepo maso anga anapita pawindo. Kuchokera kwathu kuno phiri la Zomba limaoneka bwinobwino, ndipo amene tinaliona lili lobiriwira timadziwa mmene mbali zina zayerera chifukwa cha nkhwangwa ndi moto. Timadandaula za madzi a mu Mulunguzi, timabzala mbande dzinja lililonse zambiri n'kufa, pamene wobzala wina amagwira ntchito usiku wonse ife tikumugenda ndi malegeni.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi kamphindi kena kakafupi. Anaonetsa mleme waukazi, kamwana kali kakaka pachifuwa, kakuyamwa. Mayiyo anakanyambita kumutu, n'kukafunditsa ndi phiko ngati mmene timafunditsira khanda ndi chitenje. Ndinkadziwa kuchokera kusukulu kuti mleme suikira mazira, koma kudziwa kwa m'buku sikunandifikepo pamtima ngati lero. Mitundu yambiri imabereka mwana mmodzi yekha pachaka. Mmodzi basi. Ine ndinali kukonza zothira mankhwala pamwamba pa amayi oterewa.

Mnyamatayo anandifotokozera kuti ya m'siling'i mwathu si yodya zipatso ayi, ndi ing'onoing'ono ija yodya tizilombo touluka usiku, udzudzu ndi agulugufe. Anandichenjezanso kuti ndisadzaugwire ndi manja, chifukwa ina imatenga chiwewe, ndipo zitosi ndizisesa nditawaza madzi komanso nditaphimba kumphuno. Kukhala nayo m'denga sindikufuna ndithu, fungolo ndi lenileni. Tagwirizana kuti tidikire ana akule ayambe kuuluka, kenako tsiku lina madzulo, yonse ikatuluka, kalipentala adzatseke mipata. Pakadali pano ndamata mng'alu wa pabalaza uja ndi katoni.

Chakumadzulo, mnyamatayo atakwera kabaza kubwerera kusukulu, ndinatulutsa mpando pakhonde. Mdima utangoyamba, inayamba kutuluka pakona ya malata, umodzi, kenako iwiri, kenako motsatizana. Ndinawerenga mpaka 23, n'kusokonezeka. Inkazungulira pamwamba pa mtengo wa mango osagunda nthambi ngakhale imodzi. Njere za masuku zija sindinataye kudzala. Ndazitsuka, mawa ndizifesa m'machubu kuseri kwa khitchini.