Kufufuza mawu a Chiwelsh ndi Chimalay mumtanthauziramawu: pomwe nthawi inandithera

Ntchito inali yolemba mndandanda woyerekeza mawu a Chiwelsh ndi a Chimalay, otengedwa m'nkhani zenizeni za m'zilankhulozi, liwu lililonse ndi tsinde lake komanso tanthauzo. Ndamaliza, mtima wakhala pansi, koma amene adzaigwire pambuyo panga asadzavutike chimodzimodzi. Zilankhulo ziwirizi palibe chibale chilichonse. Chiwelsh, cha ku Wales, ndi cha banja la Celtic, Chimalay, cha ku Malaysia ndi mayiko oyandikana nawo, cha banja la Austronesian. Koma zili ndi khalidwe limodzi lopweteketsa mutu: liwu lomwe mukuliona m'nkhani kawirikawiri si lomwe lili mumtanthauziramawu, chifukwa chilembo choyamba chimasintha. Ifenso timachita pang'ono tikamati phiri, mapiri, kapena tsamba, masamba, koma anzathuwa amapyola pamenepo.

Musanatsegule buku lililonse, lembani papepala tchati cha kusinthako, koma chobwerera m'mbuyo. Mabuku a galamala amakuuzani kuti c wa Chiwelsh amasanduka g. Inuyo m'manja muli ndi g, ndipo chomwe mukufuna n'kudziwa komwe wachokera.

M'Chiwelsh kusinthako kuli mitundu itatu. Liwu loti tad, kutanthauza bambo, limakhala ei dad akakhala bambo ake a munthu wamwamuna, ei thad akakhala bambo ake a munthu wamkazi, fy nhad akakhala bambo anga. Mzinda wa Caerdydd (Cardiff pa Chingerezi) umalembedwa yng Nghaerdydd mukafuna kunena kuti muli mumzindamo. Zimenezi munthu amazolowera msanga. Zopweteka ndi ziwiri. G amangosoweratu, moti gardd, dimba, limakhala yr ardd, ndipo mungasakesake pa a mpaka dzuwa kulowa. Ndiye pali f, yemwe angachokere kwa b kapena kwa m: ferch ndi merch, mtsikana, pomwe frawd ndi brawd, mbale wamwamuna. Mukaona f koyambirira, yesani onse awiri. Ngakhale m sadalirika. Mu wrth fy modd, mawu onena kuti munthu wakondwa kwambiri, tsinde ndi bodd, osati modd lomwe lilinso liwu palokha la tanthauzo lina.

Chomwe chinandiwotcha mtima ndi pulogalamu ina ya pakompyuta yolipira, yomwe otsatsa ake ankati imasanja mawu a chilankhulo chilichonse ndi kupeza matsinde. Ndalama ndinapereka. Inasanja Chiwelsh ngati Chingerezi, ndipo tsiku lathunthu linathera kukonza zomwe inasokoneza. Alifabeti ya Chiwelsh ili ndi zilembo 29, ndipo ch, dd, ff, ng, ll, ph, rh ndi th chilichonse ndi chilembo chimodzi chokhala ndi malo akeake. Mawu oyamba ndi ch amabwera c yense atatha. Ng amabwera pambuyo pa g, osati pa n, kotero angen limakhala pakati pa agor ndi ail. Pulogalamuyo inaliponya kutsogolo, pakati pa mawu a an. Nditaiuza kuti ng aliyense ndi chilembo chimodzi, inawononga dangos ndi Bangor, momwe n ndi g ali zilembo ziwiri zongoyandikana. Mawu otere mumawasanja pamanja, palibe kuchitira mwina. Munthu angagulitse bwanji chida chosanja mawu chosadziwa alifabeti? Ndinawalembera, yankho silinabwere, ndalama nazo sizinabwerere.

Musalipire. Geiriadur Prifysgol Cymru, mtanthauziramawu wamkulu wa Chiwelsh yemwe ntchito yake inayamba mu 1921, ali pa intaneti mwaulere. Wa Bangor University nayenso ndi waulere, ndipo amazindikira mawu osinthika. Ku Chimalay kuli PRPM, tsamba la pa intaneti la bungwe loona za chilankhulochi la Dewan Bahasa dan Pustaka, momwe muli mtanthauziramawu wa Kamus Dewan, yemwe anatuluka koyamba mu 1970.

Kamus Dewan amaika mawu pansi pa tsinde, monga momwe ife timafufuzira mneni titachotsa ku-. Belajar, mengajar, pelajar ndi pelajaran onse mukawapeza pa ajar. Vuto ndi mphatikiram'mbuyo wa me-, yemwe amameza chilembo choyamba chikakhala p, t, k kapena s: pukul limakhala memukul, tulis menulis, kira mengira, sapu menyapu. Pulogalamu ija inkangodula me- n'kundisiyira nulis, liwu losapezeka m'bukumo. Koma b, d ndi g sasowa: membaca, mendengar, menggali. Apa mpomwe zilankhulozi zimasiyana, chifukwa m'Chiwelsh b ndi d amasanduka m ndi n. Musasakanize matchati awiriwa, chilankhulo chilichonse chikhale ndi pepala lake, ndipo onse akhale obwerera m'mbuyo.

Meng- ndiye amene amafuna kudekha. Tsinde likhoza kuyamba ndi k kapena ndi lembo la liwu. Mengarang, kulemba nkhani, likuchokera ku karang, pomwe arang ndi makala. Mengukur ndiye lili pawiri: ukur ndi kuyeza, kukur ndi kupala. Chiganizo chokha ndicho chingakuuzeni. Memakai ndi pakai, koma memasak ndi masak.

Ndinaiwala za h wa Chiwelsh. Enw, dzina, limakhala ei henw likakhala la mkazi. Mukalephera kupeza liwu loyamba ndi h, chotsani h n'kuyesanso. Chimenechi chilembeninso pa tchati cha Chiwelsh chija.

Pamndandanda siyani danga la zochuluka ndi la mtundu wa dzina, ngakhale mbali ya Chimalay ikhale yopanda kanthu. Chimalay chimangobwereza, buku-buku, ndipo sichisiyanitsa mayina aamuna ndi aakazi. Chiwelsh chimafuna kuloweza limodzilimodzi: cath, cathod (mphaka, amphaka), ci, cŵn (galu, agalu), plentyn, plant (mwana, ana). Mtundu wa dzina ndi umene umakuuzani chifukwa chomwe mphaka wakuda ali cath ddu pomwe galu wakuda ali ci du: cath ndi dzina lachikazi, ci lachimuna.

Nkhani za Chimalay zolembedwa chisanafike chaka cha 1972 zili m'kalembedwe kakale. Buku2 ndi buku-buku, chinta ndi cinta. Zisintheni kaye musanazifufuze, apo ayi mudzaganiza kuti mawuwo kulibe.