Ulendo wa pa Zomba Plateau: tinachoka ku Kasungu mpaka kwa Bruce Lee titangokhala pansi

Kwa amene munalephera kubwera Loweruka lija, nkhani yake ndi iyi. Minibasi inanyamuka pa depoti mochedwa chifukwa anzathu aku Chinamwali ndi Matawale anafika nthawi yawoyawo, pa damu la Mulunguzi tinangoima pang'ono kujambulitsa ndi kugula masitirobere, koma pofika ku Emperor's View tinapeza chifunga chokhachokha, Nyanja ya Chilwa osaoneka olo pang'ono. Ndiye atcheya anati basi tikhale pansi tiyambe gemu yathu ija.

Malamulo ndi omwe aja. Gulu lina litchule filimu, linalo liyankhe ndi filimu ina imene muli munthu yemweyo, kaya wosewera, dairekita kapena wopeka nyimbo zake. Mafoni m'thumba. Munthu mmodzi osamugwiritsa ntchito kopitilira katatu, apo ayi tikanangokhalira Samuel L. Jackson mpaka dzuwa kulowa.

Tinayamba ndi akwathu konkuno. Seasons of a Life kupita ku The Last Fishing Boat kudzera mwa Flora Suya, kenako The Road to Sunrise ya 2017 poti onsewa ndi a Shemu Joyah. Pamenepo tinaima njii. Mafilimu athu amangolumikizana okhaokha, titafuna kutuluka nawo kunja khomo sitinalipeze, ndipo zinandikhudza ndithu chifukwa si kuti luso kulibe ayi.

Anatitsegulira njira ndi asisi ena aku Sadzi, anati tiyambire pa The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, ya William Kamkwamba ija anajambulira ku Kasungu. Chiwetel Ejiofor ndi amene anali dairekita komanso anasewera bambo ake a William, ndiye kuchoka apo unalowa 12 Years a Slave ya 2013, mmenemo muli Lupita Nyong'o amene akutitengera ku Black Panther ya 2018, Michael B. Jordan nkutiponya mu Creed. Apa timayesa zatha, anyamata a Netflix onse kukamwa yasa. Mwadzidzidzi adadi ena amene anangobwera kudzaperekeza mwana wawo ndipo chifikireni sanayankhule kanthu anangoti, "Mu Creed muja si muli Rambo?" Eee Sylvester Stallone! Osapumira, iwo omwewo anapitiliza kuti The Expendables 2 muli Chuck Norris, ndipo Chuck Norris anamenyana ndi Bruce Lee ku Rome mu Way of the Dragon ya 1972. Anthu kukuwa kkkk mpaka ogulitsa ziboliboli anabwera kudzaona kuti kwagwanji.

Adadiwo akuti anakulira mu video show, maina enieni sawadziwa kwenikweni koma nkhope ya mwini filimu akaiona kamodzi basi yakhala. Atcheya poyamba amafuna kukana "Rambo" kuti si dzina la munthu, tonse tinawaukira. Ine ndikuti ololedwa, bola tonse tikudziwa amene akunenedwa.

Mkangano weniweni unabuka pa Steve McQueen. Achimwene ena anafuna kulumpha kuchoka pa 12 Years a Slave kupita ku The Great Escape ati dzina la dairekita wa 12 Years a Slave ndi la wosewera wa mu The Great Escape ndi lomwelo. Aise, wa The Great Escape anali wa ku America ndipo anamwalira mu 1980, dairekitayu ndi wa ku Britain. Anakakamirabe mpaka tinalola foni imodzi ituluke, nkhani inathera pomwepo. Ya Joseph Marcell, amene anasewera mfumu mu filimu ya Kamkwamba, inakanidwanso poti The Fresh Prince of Bel-Air, imene anasewera ndi Will Smith, ndi ya pa TV, ngakhale ine ndimaona ngati tikanangoilola tifike kwa Will Smith.

Ku Chingwe's Hole sitinafikeko, nthawi inatithera ndipo adiraiva amaopa kutsika phiri kutada. Amene simunamalize ya transipoti muonane ndi asungichuma isanafike Lachisanu. Ulendo wotsatira tagwirizana kuti mafilimu a ku Nigeria alowe nawo, ndiye amayi aku Mpondabwino aja akuti tikonzekere kulira.