Jombo yanga ili ku Finland, pansi pa dambo

Popeza kanema uja wa ine ndikumira m'dambo wafika kale mpaka kwa amalume ku Ntcheu, ndilekeni ndifotokoze ndekha musanawonjezere mchere. Inde, amene akukuwa kuti "mayo ine!" m'dambo la kumpoto kwa mzinda wa Oulu ku Finland ndi ine. Koma sindinagwe, aise. Ndinamira. Wogwa amadzuka n'kusasa fumbi.

Mlandu wonse ndi wa ndere. Kuli mtundu wina wa ndere wooneka ngati golide, ndipo zinthu zikathina, monga madzi akayandikira kuundana, kandere kalikonse kamadziumbira kachigoba ka galasi, kokhala ndi kabowo kamodzi ndi chotsekera chake, n'kugona m'matope. Tina n'tosalala, tina tili ndi minga, tina tili ndi khosi ngati botolo la Fanta. Tambiri n'tating'ono moti 100 titandandalika tingokwana milimita imodzi, ndipo poti eni ake ambiri sadziwika, akatswiri amangotipatsa manambala ngati akaidi. Ine, anzanga ndi a profesa athu tinapita kukatapa timeneti. Amalume atamva mawu oti golide anauza mudzi wonse kuti mphwawo ali ku migodi, ndipo anatumiza kale muyezo wa malata.

M'dambomo anayala matabwa awiriawiri oti munthu aziyendapo. A profesa ananena katatu konse kuti tisachoke pamatabwa. Ndinamva. Koma ine ndinakulira m'dimba, ndadumpha mizere ndi khasu paphewa, ndiye mzungu andiphunzitse dambo? Pambali panali pobiriwira bwino, posalala ngati kapeti ya m'tchalitchi. Ndinaponda.

Kapeti ija ndi tizomera totchedwa Sphagnum, timene timayandama pamadzi ngati siponji. Mwendo wakumanja unapita osatsanzika. Wakumanzere unati ukaone mnzake. Ndipo sizichitika mofulumira ayi, umatsika pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati bokosi pamanda, dambo likulira kuti fwooo, thovu likutuluka ndi fungo la dzira lovunda. Ndinali ndi nthawi yoganiza. Ndinakumbukira kuti matope amenewa amakwera pafupifupi milimita imodzi pachaka. Madzi atafika m'mawondo ndinadziwa kuti ndadutsa nthawi ya atsamunda. Pofika m'ntchafu ndinali mu ufumu wa Kalonga. Atafika m'chiuno zala zanga zinali zaka 1,000 kumbuyo, zikugwedeza ndere zimene zinagona mwamtendere Achewa asanaone n'komwe nyanja.

Udzudzu wa kumeneko usamakuchepereni poti ulibe malungo. Unaona munthu wokhomeka pansi, manja ali m'mwamba, n'kuitanizana ngati pali ukwati. Chifukwa chokwezera manja, chimene mu kanemamo simukuchiona bwino, n'chakuti ndinanyamula kabotolo ka matope athu, ntchito ya m'mawa wonse. Wina aliyense akanakaponya. Ine ayi. Ndinakagwira ngati mtanda pa Lachisanu Loyera.

Mnzanga wa ku Finland, munthu amene amayankhula mawu asanu pa sabata, anandiyang'ana nthawi yaitali, natulutsa foni, kenako n'kunena kuti ndigone chamimba. Anandikoka anthu atatu. Ndinatuluka ngati chinangwa, koma jombo yakumanja inatsala, ndi sokosi yomwe. Madzi a m'madambo amenewa ndi owawasa ndipo alibe mpweya, zinthu siziola msanga. Ndiye kuti jombo ija idzapezeka ili bwinobwino ine ndi inu titaiwalika, ndipo wina adzaipatsa nambala.

Makilomita awiri obwerera ku galimoto ndinayenda phazi limodzi lili mu jumbo ya buledi. Mu June kumeneko kumawala usiku wonse, choncho panalibe ndi mdima woti undibise.

Kabotolo kaja, titafika, tinapeza kuti sindinakalembe malo amene tinatapa. A profesa anakayang'ana, anayang'ana thalauza langa, n'kukataya m'sinki. Jombo inali yobwereka. Amalume akufunsabe za malata.