Thabwa lathu lokwererapo ku Glen View, mumzinda wa Harare

Sabata yatha thabwa limene timakwererapo pokweza masofa m'lole linathyoka. Linathyokera mnyamata wochepa thupi atanyamula kampando kamodzi, chonsecho kwa zaka zambiri lakhala likusenza amuna awiri ndi sofa yathunthu. Mwayi wake sanavulale. Amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, si iwe ukuphunzira zimenezi madzulo? Tatiuza." Ndinasowa chonena, ndiye zidutswa zonse ziwiri ndinapita nazo kunyumba ku Mufakose.

M'kalasi amati fatigue, kutopa kwa chinthu chosenzetsedwa katundu mobwerezabwereza. Amene anazifufuza mozama ndi August Wöhler wa ku Germany, m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, ataona zitsulo zogwira mateyala a sitima zikuthyoka ndi katundu yemwe zinkasenza masiku onse. Thabwa nalo limatopa, koma m'njira yakeyake. Mkati mwake muli timaselo tatitali, tonga timapaipi tomatidwa pamodzi. Ukaponda pakati, mbali ya pamwamba imapanikizika, ya pansi imakokeka. Chimene sindinkadziwa n'chakuti thabwa limapirira kukokedwa pafupifupi kuwirikiza kawiri kuposa kupanikizidwa. Choncho bala limayambira pamwamba: makoma a timaselo tija amapindika lero pang'ono, mawa pang'ono, osawongokanso.

Usiku ndinaunika ndi tochi ya foni mopendeketsa. Pafupi ndi mfundo panali timizere toyera topingasa, tosaoneka masana, pena ngati wakanda ndi chikhadabo. Tinali mbali zonse ziwiri.

Apa m'pamene mtima unandipweteka. Thabwali likayamba kukhota, ine ndi amene ndinkalitembenuza, poganiza kuti liwongoka. Koma mbali yopindika ija ikapita pansi, imakokedwa pabala pomwepo, ndipo kupanikiza ndi kukoka mosinthanasinthana ndi kumene kumatopetsa thabwa msanga kwambiri. N'chifukwa chake linangoti thyo, osasiya zisonga zazitali ngati thabwa lamoyo. Kuwonjezera apo, linali la paini, ndipo mvula ikayamba mu Novembala linkagona panja. Thabwa lonyowa limafooka kuposa louma.

Nditawafotokozera amalume, anakhala chete, akusisita timizere tija ndi chala chachikulu. Kenako anati mipini ya makasu kumudzi nayo inkathyoka chonchi. Lolemba tinagula thabwa lina, lopanda mfundo pakati. Mbali imodzi ndalemba ndi penti kuti PAMWAMBA, ndipo tikaweruka ndimalilowetsa m'shedi.