Makhadi omera maluwa amene tinapatsa alendo pa ukwati wathu

Miyezi 4 ukwati wathu usanachitike, ndinatsegula kabati ya m'chipinda mwanga n'kupeza timphatso ta m'maukwati a anzanga tokwana 9. Tina tinali timabokosi tapulasitiki tomangidwa ndi riboni, tina tokolowekapo makiyi tolembedwa mayina a akwatiwo. Panalibe ndi kamodzi komwe kamene ndinakagwiritsapo ntchito, koma kutaya ndinkachita nako manyazi. Madzulo a tsikulo ndinauza bwenzi langa kuti alendo athu tisadzawasenzetse katundu wotereyu. Tinagwirizana zinthu zitatu: mphatsoyo tiipange tokha, ikhale ndi dzina la woilandira, ndipo ikatha ntchito yake isasiye chinyalala.

Poyamba ndinkafuna makandulo a phula la njuchi, othiridwa m'timabotolo tagalasi totha ntchito. Ndinayesa 6. Phula la njuchi limasungunuka likatentha kufika pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo suliika pamoto mwachindunji. Umaliika m'chitini, chitinicho n'kuchikhazika m'poto wa madzi otentha. Limafunanso chingwe chathonje chokulirapo, apo ayi kandulo imangoboola dzenje pakati n'kuzima. Awiri anang'aluka pamwamba chifukwa ndinathira phula m'mabotolo ozizira. Ena aja anatuluka bwino, koma nditawerengera kuti kabotolo ka mamililita 100 kamadya phula pafupifupi magalamu 90, ndinaona kuti alendo onse sindingawakwanitse. Makandulo ndinangopanga 20, a makolo ndi anthu amene anatithandiza kwambiri. Ena onse tinawapangira makhadi a pepala lokhala ndi mbewu za maluwa mkati, loti munthu akalikwirira m'dothi limaola, maluwa n'kumera.

Chimene chinandipulumutsa koyambirira ndi kuwerenga mabanja m'malo mowerenga mitu. Oitanidwa anali 130, koma makomo anali 78. Mwamuna ndi mkazi wake safuna makhadi awiri. Ndinakonza zopanga 90, kuti ena akaonongeka ndisadzagwire njakata.

Mapepala sindinagule. Pepala limodzi la A4, lija timasindikizira pa printa, limalemera pafupifupi magalamu 5, ndipo khadi lochindikala bwino lalikulu ngati chikhato limadya pafupifupi pepala limodzi lotere. Ndinatolera mapepala akale okwana 120 ndi maenvulopu ong'ambika. Pali mitundu ina imene ndinaipatula. Mapepala onyezimira a m'magazini safewa bwino m'madzi. Timalisiti ta m'sitolo tija tomwe zilembo zake zimafufutika tikakhalitsa timapakidwa mankhwala, ndipo sindinafune kuti tikalowe m'dothi la munthu. Nyuzipepala imafewa msanga, koma inki yake imadetsa zonse n'kukhala zotuwa ngati phulusa. Pa maenvulopu ndinkachotsa kawindo kapulasitiki ndi pomwe pali guluu.

Amayi atandipeza ndikung'amba mapepala pakhonde anaima kaye n'kundiyang'ana.

"Mwana wanga, anthu adzati wawapatsa zinyalala."

"Amayi, dikirani kaye muone likauma."

Sanayankhe. Anakoka mpando n'kuyamba kung'amba nawo, uku akupukusa mutu.

Tizidutswato tinkating'amba ta masentimita 2 kapena 3, n'kutiviika m'madzi ofunda usiku wonse. M'mawa ndinkatapa dzanja limodzi, kuika mu blenda, kuthira madzi ambiri, n'kugaya mpaka zikhale phala losalala. Madzi akachepa blenda imalira moonetsa kuti ikuvutika, ndipo ikhoza kupsa. Ine ndinagwiritsa ntchito yakale imene tinaisiya kalekale. Phalalo ndinkalikhuthulira m'beseni lalikulu la madzi.

Chikombole choumbira makhadi tinachipanga ndi mafelemu awiri a zithunzi ofanana kukula. Pa felemu imodzi bwenzi langa anakhomerapo neti yolimba, yokokedwa kuti ithine ngati ng'oma. Inayo imangokhala pamwamba kuti ipereke malire a khadi. Umagwira onse awiri pamodzi, kuvundula madzi a m'beseni ndi dzanja, kulowetsa mafelemu mopendeketsa mpaka pansi, kenako n'kuwatulutsa ali chigonere, pang'onopang'ono. Madzi amadontha, phala limatsala pa neti. Ukafulumira, mbali imodzi imachindikala, inayo n'kukhala yoboola. Makhadi anga 5 oyamba anabwerera m'beseni, ndipo ubwino wa ntchito imeneyi ndi womwewo, kuti cholakwika chimasungunuka n'kuyambanso.

Pa nkhani ya mbewu m'pamene ndinatayapo nthawi yambiri, ndipo m'pamene ambiri amalakwitsa. Mbewu sizilowa mu blenda, zimaphwanyika. Ena amazithira m'beseni, koma ine ndinaona kuti zambiri zimamira n'kukhalitsa m'madzi pachabe. Ndinkadikira kuti phala likhale pa neti, ndiyeno n'kuwaza mbewu 10 mpaka 15, kuzikanikiza ndi chala, n'kuthirapo phala lochepa ndi supuni kuti zibisike. Zimene zinandiyendera bwino ndi zinnia, marigold ndi cosmos, chifukwa n'zopyapyala ndipo sizivuta kumera. Za mpendadzuwa n'zazikulu, zimatumphuka pepala likauma n'kugwa. Ndinayesanso basil pofuna fungo lake, koma mbewu zake zikangokhudza madzi zimatulutsa zoterera ngati mamina, khadi n'kumatirira pansalu. Ndinapewa mbewu zopakidwa mankhwala, zija zimaoneka zapinki kapena zobiriwira, poganizira kuti makhadiwa adzagwiridwa ndi ana. Mapaketi a maluwa osakaniza osalembedwa mayina ndinawasiyanso. M'mapaketi otere mukhoza kukhala chomera chimene chikafika kudera lina chimafalikira n'kupha zomera za komweko, ndipo alendo athu ankachokera m'madera osiyanasiyana.

Ndisanagule mbewu zambiri, ndinatenga 10 za mtundu uliwonse, kuziika pa kansalu konyowa m'kontena yotseka, n'kudikira sabata imodzi. Za zinnia zinamera 9, za marigold 8. Paketi ina ya cosmos inamera 2 zokha, ndipo nditayang'ana bwino ndinapeza kuti inali yakalekale. Ndikanapanda kuyesa, mabanja ena akanathirira dothi lopanda kanthu milungu yathunthu.

Kuchotsa khadi pa neti kumafuna kulimba mtima pang'ono. Umachotsa felemu yapamwamba, kugadabuza ya netiyo pa nsalu yakale yathonje yoyalidwa pa thaulo, n'kumakanikiza kumbuyo kwa neti ndi siponji, kufinya, kukanikizanso, mpaka madzi asiye kutuluka. Ukanyamula felemu kuyambira kungodya imodzi, khadi limatsala pansalu. Apa Amayi anandiposa kutali. Dzanja lawo linali lodekha, ndipo pofika tsiku lachitatu anali atandilanda ntchitoyi, ine n'kumangogaya ndi kuwaza mbewu.

Tsoka linandigwera pa kuyanika. Makhadi 20 oyamba ndinawasanjikiza, nsalu pakati, n'kuwaika m'chipinda chotseka, sabata imene kunja kunali chinyezi chokhachokha. Tsiku lachinayi nditavundukula ndinapeza timizu toyera tatuluka, ndipo m'mphepete mwa ena munali chuku. Mbewu ikayamba kumera kenako n'kuuma, yafa basi, sidzukanso. Onse 20 ndinawakwirira kuseri kwa nyumba. Kuyambira pamenepo khadi lililonse linkauma palokha, pamalo opita mphepo, fani ikuzungulira, ndipo ndinkalitembenuza pakatha maola angapo. Cholinga n'chakuti liume pasanathe tsiku limodzi kapena awiri. Mng'ono wanga anabwera ndi nzeru yoti tiwasite ndi ayironi kuti aume msanga komanso awongoke. Ndinamuletsa, chifukwa kutentha kotero kumapha mbewu. Akauma amapindika ndithu, koma ukawapanikiza pansi pa mabuku olemera masiku awiri amagona okha.

Pa tsiku tinkakwanitsa makhadi 12 mpaka 15, osati chifukwa cha manja koma malo oyanikapo. Ntchito yonse inatenga Loweruka 6 ndi madzulo ena apakati pa sabata. Amene akuganiza zopanga mphatso zotere sabata yomaliza asayerekeze.

Kulemba mayina kunali ndi msampha wake. Pepala lopanga pamanja limamwa inki ngati siponji. Cholembera cha inki yamadzi chimene ndinagula ndi chisangalalo chinasandutsa dzina la azakhali anga chibanga chakuda. Bolopeni wamba ndi amene anagwira ntchito, ndipo pensulo yofewa inkaonekanso bwino. Bwenzi langa anasema chidindo pa labala yofufutira, zilembo ziwiri zoyamba za mayina athu ndi katsamba pambali. Choyamba anasema zilembo molunjika, ndiye podinda zinatuluka motembenuka. Tinaseka mpaka misozi, iye n'kukagula labala ina. Podinda, inki izikhala yochepa kwambiri, ndipo uzipewa pamene pali mbewu chifukwa pamakhala potumphuka.

Kutsogolo kwa khadi lililonse ndinalemba dzina la banjalo ndi chiganizo chimodzi chokhudza iwowo, osati mawu amodzimodzi kwa onse. Kwa aphunzitsi anga akale ndinalemba za buku limene anandibwereka ndili mwana. Kwa mnzake wa bwenzi langa tinalemba za tsiku limene anatikumanitsa. Imeneyi ndiyo inali ntchito yotopetsa kuposa kugaya mapepala, chifukwa pofika banja la 60 mutu umauma, ndipo pali anthu ena oitanidwa ndi makolo amene sindinkawadziwa n'komwe. Amenewo ndinapempha Amayi ndi apongozi anga kuti andiuze choti ndilembe, ndipo zina zimene anandiuza zinali nkhani zoti sindinazimvepo chibadwire.

Kumbuyo tinalemba malangizo achidule: viikani khadi m'madzi, liikeni pa dothi lofewa, kwirirani ndi dothi lochepa losapitirira theka la sentimita, thirirani tsiku lililonse, ndipo pakhale pofika dzuwa. Ndisanalembe zimenezi ndinadzala khadi limodzi louma mumphika, ndipo linamera pa tsiku la 7. Zokongoletsa zonyezimira zija amawaza pa makhadi sindinazilole, chifukwa zambiri ndi tizidutswa ta pulasitiki tomwe sitiola. Tinangoboola kabowo pangodya n'kumangapo kachingwe kathonje. Makhadi onse anadikira tsiku la ukwati ali m'bokosi la katoni pamalo ouma, osati m'jumbo, muja mumasunga chinyezi.

Chomaliza chimene ndinasintha ndi kaperekedwe. M'maukwati ambiri mphatso zimaikidwa pa matebulo, ndipo anthu akamabalalika zambiri zimatsala pomwepo, zina zitanyowa ndi zakumwa. Ife tinasanja makhadi motsatira alifabeti m'bokosi, mng'ono wanga ndi msuweni wathu n'kuima nalo pakhomo potulukira. Aliyense ankatchula dzina n'kulandira lake m'manja. Panachita kamzere, koma anthu ankaima n'kumawerenga zimene tawalembera, ena n'kumaonetsana. Anatsala makhadi 4 okha, a mabanja amene sanabwere, ndipo tinawatumizira pambuyo pake.

Patatha milungu itatu zithunzi zinayamba kufika pa WhatsApp, timbande tobiriwira m'zitini ndi m'miphika. Mnzanga wina anadandaula kuti lake silinamere, ndipo nditamufunsa anavomera kuti analikwirira mozama ngati akubisa ndalama. Azakhali aja sanatumize chithunzi. Nditawaimbira foni ndinawafunsa ngati maluwa atuluka.

"Iwe, ndikwirire m'dothi mawu amene unandilembera aja? Lili m'buku langa, ndipo likhala momwemo."

Ndinali nditasunga mbewu zotsala mu envulopu, choncho Loweruka lotsatira ndinawapititsira zodzaza dzanja, pamodzi ndi kamphika.